Kukafuna Mathero a Nthano ya Amayi ku Mkhumba

Amayi anga atayamba kuiwala, sanaiwale zonse tsiku limodzi. Anayamba ndi makiyi, kenako mayina a adzukulu, kenako ine amene ndimawasambitsa. Masiku ena amanditchula kuti anamwino, masiku ena "mayi inu". Koma chinthu chimodzi chinawakanirira m'mutu ngati chisoso pa chitenje: nthano ya mtsikana wotumidwa kukapala moto.

Amaiyamba bwinobwino. Mtsikanayo ndi Namaseko. Mayi ake akudwala, moto wazima m'nyumba, ndipo m'malo mokapala pakhomo loyandikana, akumutuma kutsidya kwa mtsinje. Pobwerera ndi chikuni m'manja mvula yayamba, madzi adzaza, iye waima pakati pa mlatho wa mtengo umodzi. Pamenepo amayi amaimanso n'kundifunsa.

"Ndiye zinatha bwanji? Mwanayo anawoloka?"

Ndinayesa kupeka. Ndinati anawoloka, anakoleza moto, mayi ake anachira. Amayi anandiyang'ana mondinyoza.

"Bodza. M'buku sizinali choncho."

Zikatero amakana chakudya tsiku lonse. Tsiku lina anatuluka pageti osaonedwa, ndipo tinakawapeza ataima pa kamlatho ka kumsika kwathu ku Kawale, opanda nsapato, akuti akudikira mwana wa eni ake awoloke. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinadziwa kuti ndikapanda kupeza mathero enieniwo, tsiku lina sitidzawapeza pa mlatho koma pansi pake.

Bukulo ndinkalikumbuka mwa apo ndi apo. Munali nthano zambiri, zilembo zikuluzikulu, ndi chithunzi cha mtsikana atagwira chikuni. Dzina lake ayi, wolemba ayi, chikuto chake sichinkabwera n'komwe m'maso. Chomwe ndinkakumbuka bwino n'chakuti poliwerenga khosi linkandiwawa. Ndinazungulira kwa ogulitsa mabuku akale m'makonde a m'tauni, ndipo aliyense ankati "lomweli mayi, lomweli," uku akundipatsa buku lina. Ine ndimagulitsa kaunjika. Munthu akamanama ndimamuonera pamphuno, ndiye palibe anandidyera.

Mchimwene wanga wa ku Joni ndi amene anandiuza pafoni kuti bukulo linatsala kwathu ku Mkhumba, m'nyumba imene tinabadwira. Tinachokako ine ndili Sitandade 2, amayi atayambana ndi mng'ono wawo pa nkhani ya munda wa kudambo. Mng'ono wawoyo atamwalira, amayi anapita kumaliro, koma sanagoneko. Panopa m'nyumbamo mukulamula a Felesiya, mwana wa malemuwo, achemwali anga amene ndinali ndisanawayimbirepo foni chiyambire.

"Achemwali, ndine Edina wa ku Lilongwe. Ndikufuna buku lija la nthano."

Kuseri kwa mawu awo kunkamveka nkhuku.

"Buku?"

"Ee, lomwe tinkawerenga tili ana."

"Zaka zonsezi chete, lero mukufuna buku. Chabwino, bwerani mudzaone nokha."

Anadula. Ndinati mumtima, amenewa analigulitsa, kapena akufuna ndikawagwadire kaye.

Ndinasiya amayi m'manja mwa mwana wanga Tadala, n'kulawirira kudepoti. Ndinasankha basi yooneka yodzaza kuti tinyamuke msanga. Nditakhala, ndinayamba kuwerenga nkhope. Anyamata a kumbuyo analibe ngakhale kajumbo. Wina anali atavala masilipasi osiyana. Wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete ngati akukagula madzi, osabwereranso. Anali oikidwa dala kuti basi ioneke yodzaza.

"Akondakitala, mundibwezere ndalama zanga."

"Mayi, tikunyamuka pompano, dalaivala akungomwa tiyi."

Tiyi ameneyo anamwedwa mpaka dzuwa kufika pamutu. Injini ankailiza, basi n'kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwe inali. Ndinatukwana chamumtima mpaka mawu anandithera.

Pa Dedza tinaima kuti dalaivala agule mbatatesi za kunyumba kwake. Pa Ntcheu apolisi anatitsitsa tonse n'kumapapasa matumba. Wapolisi wina anagwedeza kachikwama kanga n'kufunsa kuti ulendo wautali chonchi ndi katundu wochepa chotere ndikukatani. Ndinati ndikukafuna buku. Anaseka, n'kuuza mnzake, nayenso anaseka. Pa Liwonde basi inakhota n'kulowa pa mzere wa mafuta tili momwemo, mawindo osatseguka, thukuta lili kamukamu. Ndinayimbira Tadala.

"Agogo adya?"

"Akana. Akuti mwana akadali pa mlatho. Ndakhoma geti ndi loko."

Tinafika ku Zomba dzuwa litapendeka. Minibasi ya ku Migowi yodzera ku Jali ndinaipeza itatsala malo a munthu mmodzi, ndipo ulendo uno anthuwo anali enieni, chifukwa aliyense anali atapakata kanthu. Anandipanikiza pakati pa gogo wina wa ku Jenala wonyamula nkhuku ndi bambo wa kachipewa koyera amene anati ndi a Saidi, ogula nandolo pa Migowi. Sikelo yawo inali pamiyendo panga.

A Saidi anali munthu wa mafunso. Kwanu n'kuti, mukupita kwa yani, ndinu mwana wa yani. Ndinkayankha mwachidule, koma nditatchula dzina la amayi anatembenuka thupi lonse.

"Aja anapita ku Lilongwe ndi amuna awo? Akulu ake a malemu? Ndiye mwabwera kudzatani?"

"Kudzatenga buku."

"Buku," anabwereza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Anatulutsa foni, n'kutembenukira kuwindo, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu m'Chilomwe. Chilomwe changa chinathera ku Sitandade 2, koma "Lilongwe" ndi "Felesiya" ndinazimva bwinobwino. Ndinakumbatira chikwama changa. Ndinayamba kuganiza za nkhani zonse zimene timauzana kumsika, za anthu amene amakufunsa zambiri m'galimoto kenako n'kukudikiritsa anzawo potsikira.

Titangodutsa pa Jali, tayala linaphulika. Lapadera linali lopanda mpweya. Kondakitala analikweza pa njinga yamoto n'kubwerera nalo komwe tachokera, ife n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Apa ndi pamene nkhani yanga inasanduka ndiwo ya anthu onse, chifukwa a Saidi anali ataiwanditsa kale.

"Mabuku akale tinapichirira fodya, mwanawe," anatero gogo wa ku Jenala. "Latsala ndi la kutchalitchi lokha."

"Mwina buku lakelo ndi chikwanje cholambulira munda," wina anatero, anthu n'kuseka.

Gogoyo sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Kuno malo ndi a mwana wamkazi. Wa m'tauni akabwera ndi katundu wambiri, wabwera kudzacheza. Akabwera ndi kachikwama kotere, wabwera kudzaona malire."

"Agogo, ine munda ndiutani? Khasu ndinaligwira liti?"

"Onse amatero."

Ndinapsa mtima, koma ndinaona kuti ndikamakana kwambiri ndi pamene akundikayikira kwambiri. Ndinangogula chinangwa chophika kwa mayi wina wa pamsewu n'kumadya nditafulatira. Tayala linabwera dzuwa likulowa, ndipo pa Migowi tinafika mashopu akutsekedwa. A Saidi anati andiperekeze ku resitihausi ya mlamu wawo. Ndinathokoza, n'kukalowa ina, n'kutsekera chitseko ndi mpando.

M'mawa msika unali utayamba kale kutentha, matumba a nandolo ali mbwee, phiri la Michesi lili kumbuyo kwa mashopu monga ndinalisiyira. Ndinagula zitumbuwa, ndipo mayiyo anandikulungira m'pepala lofiirira la buku lakale. Ndinakhuthula zitumbuwazo m'manja, kuwotcha konseko, n'kutambasula pepalalo. Linali la masamu, la kugawa. Ndinapempha kuti ndione mulu wonse wa mapepala ake, mayiyo n'kuukhalira.

"Ndinu a boma?"

"Ayi mayi, ndikufuna nthano."

"Nthano zilibe pano. Zitumbuwa basi."

Pamalo a kabaza ndisanatsegule pakamwa, bambo wina wa jekete lachikopa analiza njinga yake n'kuima patsogolo panga.

"Mayi a ku Lilongwe? Kwa a Felesiya eti? Kwerani."

"Wakuuzani ndani?"

"A Saidi anati mukatuluka ndikutengeni, chifukwa njira ya kumlatho inakokoloka, mlendo angasochere."

Ndinaima kaye. Ndinajambula nambala ya njingayo iye akuona, n'kutumiza kwa Tadala. Bamboyo anangoti "jambulaninso nkhope," n'kumwetulira. Ndinakwera ndikupemphera. Njira yonse ndinkayang'ana kumbuyo, ndipo atakhotera m'kanjira ka m'minda ya nandolo ndinamufinya phewa n'kufunsa kuti uku n'kuti. Anandilozera mlatho uja chapatali. Unalidi wokokoloka, matabwa ali lende.

Pakhomo ndinapeza mipando itayalidwa kale pansi pa mtengo. Pa mpando wamanja panali amalume, mlongo wawo wa amayi, atavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata. A Felesiya anakhala pamphasa, manja atapinda, nkhope yofanana ndi ya amayi moti ndinachita kuyang'ana kawiri. Kumunsi kwa nyumba ndinaona malire a munda atalambulidwa kumene, zikhomo zatsopano zili ndandanda. Anthuwa anali atagwira ntchito usiku wonse chifukwa cha foni ya a Saidi.

Anandilonjera m'Chilomwe, ine n'kuyankha m'Chichewa. Anabweretsa thobwa. Ndinaliyang'ana, iwo n'kundiyang'ana ndikuliyang'ana. A Felesiya anatenga kapuyo, n'kumwako, n'kundibwezera. Manyazi anandigwira, ndinamwa lonse.

Amalume anakonza pakhosi.

"Mphwanga, wafika pakwanu, palibe angakuthamangitse. Koma nkhani ya munda wa kudambo inatidyera anthu. Mchemwali wakoyu waulima zaka zonsezi, ana ake akudya momwemo. Ngati amayi ako akutuma, unene poyera, tisamazungulire ndi za mabuku."

Apa ndiye ndinaphulika. Ulemu ndinauika pambali.

"Amalume, amayi angandituma bwanji pomwe dzina langa salidziwa? Amanditchula anamwino. Munda wanuwo sakuukumbuka, Lilongwe sakuikumbuka. Akukumbuka mwana woima pa mlatho ndi chikuni, ndipo akukana kudya mpaka adziwe ngati anawoloka. Ndagona m'njira chifukwa cha zimenezo. Zikhomo zanuzo zulani mukakolezere moto. Ngati bukulo munagulitsa, ingondiuzani ndibwerere."

Amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sankadziwa kuti mlongo wawo wafika pamenepo, chifukwa ife sitinawauze.

A Felesiya anadzuka n'kukutumula chitenje.

"Ngati ndi buku, tiye."

Anandilowetsa m'nyumba yakale ija, imene panopa amasungiramo matumba a nandolo ndi makaka, chinangwa chouma chija. Ndinkayembekezera kuti atsegula sutikesi. Iwo anasuntha thumba, n'kuima pakhoma la kuchipinda. Khoma lonselo linali lomatidwa mapepala, manyuzipepala pamwamba pa makalendala, makalendala pamwamba pa zina. Anagwira ngodya ya kalendala ina n'kuisenda pang'onopang'ono.

Pansi pake panali zilembo zikuluzikulu zija. Masamba ofiirira, omatidwa mzeremzere kuyambira m'chiuno mpaka pafupi ndi denga. Ndinakweza mutu kuti ndiwerenge, ndipo khosi linandikumbutsa lokha.

"Bambo ako analitola ku esiteti lilibe chikuto," anatero a Felesiya. "Amayi aakulu analiwerenga, kenako analiphwasula n'kumata ndi phala la chinangwa kuti khoma lisamathothokere pamphasa. Iwe sunaligwirepo m'manja. Unkawerenga utaima pa mtondo."

Ndiye chifukwa chake nthano zonse za ubwana wanga zinali zoduka. Tsamba lililonse tinkaliona mbali imodzi, inayo ili kukhoma. Ndinayendetsa chala mpaka ndinampeza Namaseko, chikuni m'manja, tsamba lake lomatidwa mopendekeka, ngodya imodzi yong'ambika. Mzere womaliza unathera pakati pa mlatho, ndendende pamene amayi amaimira.

"Mathero ali kuseri," ndinatero. "Ndipatseni mpeni ndi kansalu konyowa."

"Usatero, Edina. Chiswe chinadutsamo."

Sindinamve. Ndinaganiza kuti akungokaniza. Ndinanyowetsa m'mbali, n'kulowetsa mpeni mosamala monga ndimachitira pomatula kapepala ka mtengo pa nsapato za kaunjika. Pepalalo linafumbutuka m'manja mwanga. Kuseri kunalibe chilembo ngakhale chimodzi, dothi lokhalokha ndi tinjira ta chiswe, ndipo chithunzi chija nachonso ndinachiwononga. Ndinakhala pa thumba la makaka n'kulira ngati pamaliro. Ulendo wonse uja unathera m'zinyenyeswa zili pa siketi yanga.

A Felesiya anandisiya ndilire kaye.

"Ukuganiza kuti tsamba limeneli linapendekeka lokha? Ndinalimatula ndine, ndili Sitandade 4. Nanenso ndinkafuna kudziwa. Amayi aakulu anandikwapula ndi chikoti cha nsungwi, n'kulimatanso. Koma ndinali nditawerenga kale."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Sindikuuza iwe. Ayimbire eni ake."

Netiweki kumeneko imagwira pa chulu cha kuseri kwa khola. Tinakwera tonse atatu, amalume akubwera pambuyo ndi ndodo. Tadala anayankha, n'kuika foni pa khutu la agogo ake. A Felesiya sanadzitchule dzina. Anangoyamba nthanoyo pachiyambi, ndi Chichewa chawo chokoka cha kwathu, mpaka pa mlatho.

"Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa amayi, mawu ali ang'onoang'ono. "Mwanayo anawoloka?"

"Anawoloka, amayi, koma chokwawa, ndipo chikuni chinagwera m'madzi. Anafika pakhomo ali chimanjamanja, akulira. Atayandikira anaona utsi ukutuluka padenga. Mayi wa khomo loyandikana, uja sankalankhulana ndi mayi ake, anali ataona kuti tsiku lonse nyumbayo sinafuke utsi. Anabweretsa makala pa phale, n'kukoleza, n'kubwerera kwake osanena kanthu."

Ndinawayang'anitsitsa a Felesiya. Mathero amenewa anandikayikitsa, chifukwa anagwera ndendende pa bala la banja lathu, ndipo pepala loti nditsimikizire ndinali nditaliphwanya ndekha. Ndinadikira kuti amayi anene "bodza".



"Eya," anatero amayi. "Pa phale. Ndi choncho."

Kenako mawu awo anasintha, anakhala akuthwa ngati kale.

"Kodi ameneyu si Felesiya? Iwe ndi amene unandimatulira pepala pakhoma."

A Felesiya anagwira pakamwa. Ine nsanje inandilasa, sindibisa. Ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku osandidziwa, koma mwana amene anamukwapula zaka makumi apitawo anamuzindikira ndi mawu okha.

"Ndine, amayi."

"Amayi ako ali kuti? Kodi akadandikwiyirabe?"

Amalume anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri. Manda a amayi aang'ono ankaoneka kuchokera pa chulu pomwepo, kuseri kwa nsungwi. A Felesiya anayandikiza foni kukamwa.

"Ali kudambo, amayi. Anasiya kalekale kukwiya. Amakufunsani."

Ine amene ndimaonera bodza pamphuno, tsiku limenelo ndinayang'ana pansi.

Kunamveka phokoso, kenako mawu a Tadala.

"Amama, ndidule kaye. Agogo akuti ndiwaphikire phala, njala yawapweteka."